Chilungamo chosadziwa kuti ndiwe mwana wa yani

Abale anga, Loweruka ndinali pabwalo kwathu kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, mlandu wake wa malire a dimba. A nyakwawa sanayambe n'kufunsa za makalata. Anatembenukira mnyamata wodandaulayo n'kuti, "Iwe ndiwe mdzukulu wa yani? Nanga nthochi za m'mbali mwa mtsinjezo anaoka ndani?" Mafunso amenewa anandikumbutsa mkangano wa akatswiri umene sundichoka m'mutu.

Mu 1971, John Rawls wa ku America analemba kuti pofuna malamulo achilungamo, tiyerekeze kuti tili kuseri kwa chinsalu, osadziwa ngati tidzabadwa olemera kapena osauka, amuna kapena akazi, a mtundu uno kapena uwo. Wosadziwa komwe adzagwere sangakondere. Nzeru imeneyi ndimailemekeza. Koma mu 1982 Michael Sandel anayankha kuti munthu wotere, wovulidwa abale, mudzi ndi mbiri yake, kulibe. Alasdair MacIntyre naye anali atanena mu 1981 kuti sungadziwe choyenera kuchita usanadziwe nkhani imene unabadwiramo.

Ine ndili mbali ya awiriwa, ndipo chimene chimandikokera kumeneko ndi zimene zinachitika ku Moatize, m'chigawo chathu chomwechi cha Tete. Pakati pa 2009 ndi 2010, mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa kuti mgodi wa malasha uyambe, ambiri n'kuwapititsa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Papepala zinaoneka zolongosoka: banja lililonse nyumba, banja lililonse munda. Nanga mtsinje wa Revúbuè umene ankatungako madzi ndi kulima madimba? Nanga dothi loumbira njerwa, ndi msika umene mayi ankafikako wapansi atasenza dengu? Nanga mnansi uja womubwereka mchere, amene amayamba kufika maliro akagwa? Zimenezi sizinalembedwe m'dzina la munthu mmodzi, n'chifukwa chake wowerenga mitu ya anthu sangazione. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji yodutsa malasha. Kali kokha n'kanyama, ndipo anthuwo ankadziwa chimene anataya.

Komabe mtima wanga sundilola kubisa ichi. Amuna awo a azakhali anga atamwalira, "mudzi" womwewu ndi umene unabwera kudzatenga ng'ombe ziwiri, ngolo ndi malata, ati mwambo. Azakhali anangokhala pamkeka, chitenje chili kumutu, osayankha. Tsiku limenelo ndinalakalaka woweruza wa kuseri kwa chinsalu cha Rawls, wosadziwa mfunda wa aliyense, woona mayi wamasiye ngati munthu wokhala ndi zake. Lamulo lathu la malo la 1997 linayesa kugwira zonse ziwiri: limavomereza ufulu wa mudzi pa malo ake monga mwa miyambo, koma miyambo yokhayo yosatsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chimandiwawa n'chakuti amayi ambiri kumidzi kuno sanauzidwepo mbali yachiwiriyi.

Mlandu wa dimba uja unatha dzuwa litapendeka. Gogo wina wa ndodo anaimirira n'kuloza chitsa cha mkuyu chimene agogo a mbali zonse ziwiri ankapumirapo, malire n'kubwerera pomwepo. Mnyamata uja anataya mizere inayi ya mbatatesi, koma a nyakwawa analamula kuti ayambe wakolola zimene anabzala.