Chamba cha mankhwala chidutse kwa dokotala ndi ku famase, osati kuseri

Zimene ndaona lero zandikwiyitsa kwambiri. Mayi ena amene mwana wawo ali ndi matenda a khunyu osamva mankhwala andionetsa kabotolo ka mafuta a chamba kamene anagula kwa munthu wongomupeza pa Facebook. Kabotoloko kalibe dzina la amene anapanga mafutawo, kalibe tsiku lotha mphamvu, ndipo palibe pamene palembedwa kuchuluka kwa CBD kapena THC imene ili mkatimo (izi ndi zinthu ziwiri zopezeka m'chamba: THC ndi imene imaledzeretsa, pamene CBD siledzeretsa). Pachitsekero pamatidwa kapepala kolemba pamanja konena kuti madontho atatu m'mawa ndi madzulo, basi. Dokotala anawauza mayiwo kuti mwana wawo ndi mmodzi mwa odwala amene mankhwala ochokera ku chamba angathe kuwathandiza, koma anati alibe kowatumiza kuti akawapeze.

Maganizo anga ndi akuti boma lililonse limene lavomereza kuti chamba chili ndi ntchito ya mankhwala liyenera kuchifikitsa kwa wodwala kudzera pa khomo limene mankhwala ena onse amadutsa. Dokotala amuyeze wodwalayo ndi kulemba mlingo, labotale itsimikize zimene zili m'botolo, ndipo wa ku famase apereke mankhwalawo ndi kulemba m'kaundula kuti wapatsa ndani. Lamulo longonena kuti wodwala waloledwa, koma osamuuza kumene angakapeze mankhwala oyezedwa bwino, ndi nkhanza, chifukwa limamupereka m'manja mwa ogulitsa amseri. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chilolezo cha papepala sichinaletsepo mwana kukomoka.

Wina asandiuze kuti zimenezi ndi zosatheka. Ku Netherlands ma famase akhala akupereka chamba cha mankhwala kuyambira mu 2003, ndipo boma lili ndi ofesi yoyang'anira kalimidwe ndi ubwino wake. Germany inatsegula njira yotereyi mu 2017. Mu 2018 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linavomereza Epidiolex, mankhwala a CBD othandiza odwala khunyu ya mtundu wa Dravet ndi Lennox-Gastaut, ndipo mu December 2020 komiti ya United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo inachotsa chamba pa mndandanda wa zinthu zoopsetsetsa wa m'pangano la mayiko la 1961 lokhudza mankhwalawa. Komanso taonani zimene zinachitika ku Britain, kumene lamulo linasintha mu November 2018 koma mphamvu yolemba mankhwalawa inasiyidwa kwa madokotala akuluakulu okha, moti mabanja ambiri anakakamizika kupita ku zipatala zolipira. Kaya vuto ndi mantha a andale kapena madokotala osaphunzitsidwa, wovutika ndi wodwala yemweyo.

Chikundipweteka kwambiri ndi chakuti kabotolo kopanda chizindikiro kangathe kuvulaza mwana amene kakuyenera kumuthandiza. CBD imasintha mmene mankhwala ena a khunyu monga clobazam amagwirira ntchito m'thupi, ndipo ikaphatikizidwa ndi valproate, amenenso ndi mankhwala a khunyu, ingathe kuvutitsa chiwindi, nchifukwa chake wodwala amafunika kuyezedwa magazi. THC ikachuluka imasokoneza maganizo, makamaka kwa ana ndi achinyamata. Kodi wogulitsa wa pa Facebook ndi amene adzayeze chiwindi cha mwanayo? Kodi ndi amene adzatsimikize kuti m'mafutamo mulibe nguwi kapena mankhwala ophera tizilombo? Iye akalandira ndalama nkhani yake yatha. Morphine ndi mankhwala oopsa kuposa chamba, koma zipatala zimawasunga m'kabati yokhoma, kuwerenga mlingo uliwonse ndi kuwapereka kwa odwala khansa amene akumva ululu. Ngati zikutheka ndi morphine, palibe chifukwa chomveka chosiyira wodwala woyenerera kuti azisaka yekha chamba mumdima ngati wakuba.

Ndikufuna kuti lamulo litchule momveka bwino matenda oyenerera, monga khunyu yosamva mankhwala, mseru ndi kusanza kobwera chifukwa cha mankhwala a khansa, ndi kuuma kwa minofu kwa odwala multiple sclerosis (matenda owononga mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana), ndipo amene wayenerera apatsidwe mankhwala ake popanda kumuzunguza kapena kumuchititsa manyazi.

Ndiye palinso anthu awa amene akulengeza pa intaneti kuti mafuta awo amachiza khansa. Umboni woti chamba chimachiza khansa mwa anthu palibe, ndipo odwala ena amasiya chithandizo cha kuchipatala chifukwa chokhulupirira mabodza amenewa. Anthu otere akudyera masuku pamutu mabanja osweka mtima, ndipo ayenera kumangidwa.