Musandifunsenso kuti Brently Mallard analakwa chiyani

Dzulo madzulo pa gulu lathu lowerenga mabuku tinkakambirana nkhani yaifupi ya Kate Chopin yotchedwa The Story of an Hour, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhale m'malo. Bambo wina amene ndimawalemekeza, munthu wophunzira bwino, ananena kuti mpangankhani wamkulu, Louise Mallard, anali mkazi wouma mtima ndi wosayamika, chifukwa mkazi wakhalidwe sangapeze mpumulo atamva kuti mwamuna wake wamwalira. Kenaka anaponya mafunso amene andisowetsa tulo: "Kodi mwamunayo analakwa chiyani? Ankamumenya? Ankamugoneka ndi njala?" Ambiri anagwedezera mutu, ine ndinapsa mtima, ndipo ukaliwo sunathebe.

Ndikunena mosapsatira mawu kuti funso limeneli ndi lolakwika, ndipo amene akulifunsa sanaiwerenge nkhaniyo, anangoyendetsa maso pamwamba pa mawu. Brently Mallard sanamenye munthu. Mlembi mwini wake akutiuza kuti Louise ankadziwa kuti adzaliranso akadzaona manja achifundo aja atapindidwa pa imfa, ndi nkhope ija imene sinamuyang'anepo popanda chikondi. Chopin sanaiwale kumupatsa mwamunayu tchimo. Anamupanga dala kukhala munthu wabwino, kuti woŵerenga asowe pothawira. Akanakhala chidakwa kapena wankhanza, tonse tikanati vuto ndi munthu mmodzi woipa, n'kutseka buku mitima ili phee. Koma mwamunayo ndi wabwino, ndipo mkaziyo akupumabe ngati munthu amene amutula katundu pamutu. Ndiye chimene chikuzengedwa mlandu pano si mwamuna, koma ulamuliro umene ukwati wa nthawi imeneyo unkapereka kwa munthu wina pa moyo wa mnzake.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhaniyi, imene inatuluka koyamba m'magazini ya Vogue mu 1894, ili ndi mawu pafupifupi 1,000 okha, moti palibe chifukwa choithamangira. Taonani mmene zinthu zikuyendera. Louise ali ndi vuto la mtima, choncho mchemwali wake Josephine akumuuza uthenga wa ngozi ya sitima mozungulirazungulira, mawu oduladula. Richards, bwenzi la mwamuna wake, wayamba wadikira telegalamu yachiwiri kuti atsimikize. Ndipo chinthu choyamba chimene Louise akuchita ndi kulira, kulira kwenikweni kosadziletsa, ali m'manja mwa mchemwali wakeyo. Bambo aja chimenechi sanachitchule n'komwe. Mkazi wouma mtima amene akumunenayo analira asanachite china chilichonse.

Atatopa ndi kulira akulowa yekha m'chipinda, n'kukhala pampando woyang'anizana ndi zenera lotsekula. Akuona nsonga za mitengo zikuphukira, akumva fungo la mvula, wogulitsa malonda akuitanira mumsewu, mpheta zikulira padenga, ndipo pakati pa mitambo pakuoneka timipata ta thambo lobiriwira. Apa m'pamene chinthu china chikumufikira chimene iye mwini sakuchidziwa dzina, ndipo chikumuopsa. Akuyesetsa kuchikankha ndi mphamvu zake zonse koma akulephera. Kodi munthu amene ankalakalaka imfa ya mwamuna wake angachite mantha chotere? Angalimbane nacho chimwemwe chimene wakhala akuchidikira? Louise sanaupemphe ufuluwo. Unamupeza wokha, ndipo pamene milomo yake ikunong'ona mobwerezabwereza kuti tsopano ndi mfulu, iye akungozindikira kumene kuti zaka zonsezi sanali mfulu. Sakukondwera ndi maliro. Akukondwera kuti zaka zimene zatsala zidzakhala zake.

Pali chiganizo chimodzi chimene ndikanakonda kuti bambo aja achiwerenge mokweza katatu. Louise akuganiza kuti sipadzakhalanso chifuniro champhamvu chopinda chifuniro chake, ndipo akuona kuti amuna ndi akazi omwe amakhulupirira kuti ali ndi ufulu wokakamiza zofuna zawo pa munthu mnzawo. Mlembi watchula amuna ndi akazi omwe, choncho musanene kuti nkhaniyi ndi yodana ndi amuna. Akupitiriza kunena kuti kaya cholinga chikhale chachifundo kaya chankhanza, kupinda mnzako n'kulakwa ndithu. Yankho la funso lanu lili pomwepo, lolembedwa poyera. Simufunika kumenya munthu kuti mumulande moyo wake. Mukhoza kumulanda mukumwetulira, mukumugulira zovala, mukumusankhira chilichonse chifukwa mumamukonda. Chingwe chofewa chimamanga chimodzimodzi ndi cholimba, ndipo chofewacho n'chovuta kuchidandaula, chifukwa aliyense amakufunsa kuti, "Nanga ukusowa chiyani?"

Funso la bambo aja ndi lomweli, langovala malaya ena. Likutanthauza kuti mkazi ayambe waonetsa zipsera asanaloledwe kulakalaka kukhala mwini wa moyo wake. Likutanthauza kuti ngati mbale ili yodzaza ndipo thupi lilibe mabala, pakamwa patsekedwe. Ine ndikukana. Munthu safunika kupereka umboni wa nkhanza kuti afune kupuma mpweya wakewake. Ngakhale dzina lake likuchitira umboni: kuyambira pachiyambi mfotokozankhani akumutchula kuti Mayi Mallard, dzina la mwamuna wake, ndipo dzina loti Louise tikulimva mochedwa, pamene Josephine wagwada pakhomo akumuitana kudzera pabowo la kiyi, mkaziyo atadzipeza kale yekha. Ndipo chimene chimandilasa mtima kwambiri ndi pemphero lake lalifupi loti moyo ukhale wautali, pamene dzulo lake lomwelo ankanjenjemera akaganiza kuti moyo ungatalike. Mkazi wokondedwa, wosamalidwa, wosamenyedwa, ankaopa kukhala ndi moyo wautali. Ngati chimenechi sichikukuuzani kanthu, sindikudziwa chimene chingakuuzeni.

Zifukwa zake n'zodziwika ndipo sinditayirapo nthawi: malamulo a ku Louisiana, kumene Chopin anakhala pa banja, ankaika mwamuna kukhala mutu ndi mbuye wa chuma cha banja, ndipo akazi a ku America konse anapatsidwa ufulu wovota mu 1920. Mlembiyu sankalota. Bambo ake anafa pa ngozi ya sitima mu 1855 iye ali kamwana, ndipo mwamuna wake Oscar anamwalira mu 1882 n'kumusiyira ana 6 ndi ngongole. Umasiye ankaudziwa, misozi yake ndi zina zonse zimene anthu safuna kuti mkazi wamasiye azitchule.

Chinanso chimene chinandiwawa dzulo n'chakuti bambo omwewo anamaliza ndi kunena kuti Louise anafa ndi chimwemwe ataona mwamuna wake ali moyo, ndiye kuti pansi pa mtima ankamukondabe. Abale anga, amenewo ndi mawu a madokotala a m'nkhaniyo, anthu amene anafika zonse zitatha. Ife owerenga tinali naye m'chipinda muja, tinamva zimene ananong'ona, tinamuona akutsika masitepe atagwira mchemwali wake m'chiuno, akuyenda ngati wopambana pa nkhondo. Kenaka kiyi akutembenuka pachitseko, Brently akulowa atanyamula chikwama ndi ambulera, sakudziwa n'komwe kuti kunachitika ngozi. Chimene chinaimitsa mtima wa Louise ndi zaka zija zimene anangozigwira kwa ola limodzi, zikulandidwa pamaso pake. Madokotala analakwitsa chifukwa sankadziwa. Nanga inu amene mwawerenga zonse, mukubwereza bwanji kulakwitsa kwawo?

Ndipo khalidwe lokhulupirira dokotala ndi mwamuna kuposa mawu a mkazi mwini wake ndaliona kale pa gulu lomweli. Pamene tinkawerenga The Yellow Wallpaper ya Charlotte Perkins Gilman, ya mu 1892, panapezekanso anthu oikira kumbuyo John, mwamuna amenenso ndi dokotala, ponena kuti ankangofuna kuti mkazi wake achire. Inde ankafuna kuti achire, koma anamuika m'chipinda cha m'mwamba mwa nyumba cha mazenera otchinga ndi zitsulo, anamuletsa kugwira ntchito ndi kulemba, ndipo mkaziyo akanena kuti sakupeza bwino iye ankangomuseka mwachikondi ngati akulankhula ndi mwana. Mkaziyo ankabisa zolemba zake akamva mapazi akubwera. Pamapeto pake akukwawa mozungulira chipinda atasokonezeka mutu, ndipo pagulu pathu panali munthu wofunsabe kuti John analakwa chiyani. Mwezi wamawa tikuwerenga A Jury of Her Peers ya Susan Glaspell, mmene muli kambalame kopotokoledwa khosi kobisidwa m'kabokosi, ndipo ndikuchenjezeratu kuti munthu woyamba kundifunsa funso limeneli ndidzamupatsa bukulo kuti awerenge mokweza kuyambira tsamba loyamba.