Kumeza mkwiyo tisamakutche ulemu

Loweruka lapitali ndinakwera kombi (minibasi) ndi amalume kuchokera ku Mbare Musika kupita ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Hwindi, kondakitala wa kombiyo, atamva tikucheza m'Chichewa anayamba kuwaseka, nkuwatchula mubhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi, ena m'galimotomo nkumaseka naye. Amalume sanayankhe kanthu. Ndinangoona mtsempha wa m'khosi mwawo utatukuka, dzanja litafinya chipewa pabondo mpaka chinakwinyika. Titatsika anangoti, "Zisiye mwanawe, munthu wamkulu salimbana ndi ana."

Tinafika kunyumba. Mdzukulu wawo wa zaka 6 anataya tiyi pamphasa, ndipo mbama imene analandira sinali ya tiyiyo ayi. Inali ya hwindi uja. Amalume si munthu wankhanza, mwanayo amamukonda kwambiri, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ikundisowetsa tulo.

Ife a kuno tinakulira m'chiphunzitso cha kumeza. Agogo athu anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo mlendo woyankhayankha ankachotsedwa ntchito. Kukhala chete kunawapulumutsa, zimenezo sindikutsutsa. Chimene ndikukana n'choti tizikutcha khalidwe labwino nkumapatsira ana, nkumati mwamuna salira, mkazi wabwino amapirira.

Mu 1993 akatswiri a zamaganizo James Gross ndi Robert Levenson anaonetsa anthu kanema wonyansa wa opaleshoni yodula chiwalo, ena nkuwauza kuti asaonetse kalikonse pankhope. Nkhope anabisadi, koma kunyansidwako sikunachepe, ndipo thupi lawo linavutika kuposa la anzawo: thukuta m'manja, mitsempha ya magazi kufinyika. Mu 2003 Gross ndi anzake anapezanso kuti munthu akamabisa zimene akumva pokambirana, BP ya mnzake amene akucheza naye imakwera. Tangoganizani zimenezo m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe bambo amakhala duu madzulo onse. Ana amamva m'thupi mwawo kuti kunja kuli mitambo, ngakhale palibe wayankhula.

Ena muganiza kuti ndikunena zoti amalume akanamulalatira hwindi uja. Ayi ndithu, kukalipa nakonso kumangokoleza moto. Pali njira ina imene sitinaphunzitsidwe. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kamachenjeza thupi kukakhala choopsa, ndipo kuseri kwa mphumi kuli chigawo chimene chimaganiza ndi kugwira mabuleki. Mu 2007 Matthew Lieberman wa ku yunivesite ya UCLA ku America anajambula ubongo wa anthu akuyang'ana nkhope zokwiya ndi zamantha. Akangosankha liwu lotchula chimene akuonacho, amygdala inkatsika mphamvu, chigawo cha kumphumi chija nkudzuka. Liwu limodzi lokha, "ndakwiya", kapena "ndachita manyazi". Kwa ine apa ndi pamene pagona khalidwe, chifukwa munthu amene wadziwa chimene chikumudya sakachilipiritsa mwana wosalakwa.

Ndipo sitikufunika kuyang'ana ku America kokha. Konkuno ku Mbare, mu 2006, Dr Dixon Chibanda anayamba Friendship Bench: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki nkumamvetsera anthu amene akudwala kufungisisa, kuganiza mopitirira kuja. Sitepe yoyamba amaitcha kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016, wa anthu 573 m'makiliniki 24 a mu Harare, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchi ndi 14 pa 100 alionse amene anali akadali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pomwe mwa amene sanakhale pabenchi anali pafupifupi theka. Mankhwala ake anali kuyankhula ndi munthu womvetsera. Timadziwa kale kuti mutu umodzi susenza denga, koma timaugwiritsa ntchito pa maliro ndi pa ukwati pokha, za mumtima timasenza tokha.

Madzulo ake ndinawapeza amalume pakhonde. Kufunsa wamkulu zoterezi n'kovuta, mawu amakakamira pakhosi, koma ndinalimba mtima. "Amalume, m'kombi muja munamva bwanji?" Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Zinandiwawa. Ndinabadwira ku Harare Hospital ine." Anayamba kusimba za chitupa chawo chimene chinali ndi chilembo cha alien, kutanthauza mlendo, kwa zaka zambiri, mpaka malamulo a dziko a 2013 anawavomera kuti ndi nzika. Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo pakamwa pawo. Ali mkati mosimba, mdzukulu uja anasuzumira pachitseko, nkubwerera. Anamuitana kawiri. Kachitatu ndi pamene anabwera, akuyenda chammbali, dzanja lili patsaya.