Mwala wa msuweni wanga si dayamondi

Msuweni wanga anatola mwala akulima, woonekera mkati ngati madzi oundana, wosongoka kumutu. Anaukulunga m'kansalu n'kuubisa kunsi kwa mphasa masabata awiri, mumtima atagula kale malata. Umboni wake unali umodzi: "Asuweni, taonani, ukukanda botolo!"

Abale, kukanda botolo sikutanthauza dayamondi. Pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, galasi lili cha pa 5.5, quartz pa 7, dayamondi pa 10, ndiye yonse iwiri imalikanda bwinobwino. Ine ndinangowerenga mbali za mwalawo. Zinakwana zisanu ndi imodzi, zokumana kunsonga ngati pensulo yosola, ndipo m'mbalimo munali timizere topingasa. Pamene unabenthuka panali poterera ngati phale la botolo. Ameneyo ndi quartz, mbale wake wa nsangalabwi zomwe tinkaponya pa legeni, kungoti uyu anakula mwaufulu. Madzi otentha a pansi pa nthaka amasungunula silica, chinthu chimene chimapanga quartz ndi mchenga wambiri, n'kumusiya pang'onopang'ono m'ming'alu ya matanthwe, ndipo pomwe pali mpata mwala umamera ndi mbali zakezo. Ku phiri la Malosa ku Zomba kumapezeka wina wamtundu wa utsi.

Samalaninso ndi ogulitsa galasi wamba ponama kuti ndi quartz. Mukaona timathovu tozungulira ta mpweya mkati, bwezani.

Chimene chimandinyansa ine ndi aja a pa Facebook oti mwalawu umachotsa minyama ndi kuchiza matenda ukaugoneka pachifuwa. Bodza lenileni. Ukadwala pita kuchipatala. Chonsecho mphamvu yeniyeni ilimo, ndipo iwo saitchula n'komwe. Mu 1880 akatswiri a sayansi a ku France, Jacques Curie ndi mng'ono wake Pierre, anapeza kuti quartz ukamufinya amatulutsa magetsi pang'ono. Ukamupatsa magetsi, amanjenjemera mosaphonya. Kachidutswa ka quartz ka m'wotchi kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, n'chifukwa chake wotchi ya batire sisochera nthawi chisawawa. Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa wotchi zapamkono zotere mu 1969, ndipo quartz wa m'zipangizo za masiku ano amachita kumukuza m'fakitale.

Msuweni nditamuuza zonsezi anayang'ana wotchi yake yogula pamsika, pomwe panalembedwa QUARTZ timalemba ting'onoting'ono, n'kupukusa mutu. Mwala uja pano ukutsamiritsa chitseko cha kukhitchini, ndipo sanandikhululukirebe.