Wilo yolemba m'kope, yopanda mboni

Mwezi watha tinaika bambo aang'ono kumudzi. Tsiku losesa, abale tisanabalalike, mayi aang'ono anatulutsa kope m'sutikesi, kope la ana asukulu lija la mizeremizere, lokutidwa ndi nyuzipepala. M'katimo malemuwo analemba zonse ndi dzanja lawo. Nyumba ya kutauni ya mkazi wawo ndi ana, chigayo cha mwana wamkulu, ng'ombe ziwiri za mlongo wawo. Anasainira ndithu, deti ilipo. Koma mboni ayi, ngakhale imodzi. Mphwawo wa malemuyo, amene sanaoneke kuchipatala ngakhale tsiku limodzi, anangoti, "Alamu, kopeli aliyense angathe kulemba." Zinandiwawa, koma pa lamulo munthuyo sananame.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Timalimbikitsana kwambiri kuti tizilemba wilo, tisamaope kuti ndi kudziitanira imfa. Zoona. Koma sitiuzana kuti wilo imakhala wilo ikatani, ndipo ambiri tasunga mapepala amene sangatiyankhulire tikagona.

Lamulo lomwe tikugwiritsa ntchito kuno ku Malawi ndi la 2011, Deceased Estates Act, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1967. Zomwe limafuna si zambiri. Wolemba akhale wazaka 18 kapena kupyola apo, mutu ukuyenda bwino. Wiloyo ikhale yolembedwa, osati ya pakamwa pa mphasa ya matenda. Mwini wake asainire mboni ziwiri zikuona, mbonizo nazonso zisainire iye akuona. Basi. Sipafunika Chingerezi chozama, ndipo loya ndi wothandiza koma si iye amene amaipatsa mphamvu. Kope la bambo aang'ono lija likanakwana, pakanangokhala anthu awiri a kutchalitchi kwawo atasainira m'munsimo.

Pa mbonipo samalani. Ambiri timathamangira kuitana mkazi wathu kapena mwana wathu woyamba, poti ndi amene timawakhulupirira. Musatero. Amene mwamulembera kanthu mu wilo asakhale mboni, chifukwa angathe kutaya gawo lakelo. Itanani mnzanu wa kuntchito, mkulu wa mpingo, woyandikana naye nyumba. Ndipo sikuti awerenge zomwe mwalemba, iwo akungochitira umboni kuti mwasainira ndinu, mosakakamizidwa.

Mawu ena amene amatisokoneza kumaofesi ndi executor. Ameneyu ndi munthu amene mwamutchula mu wilo kuti adzayendetse zonse: asonkhanitse katundu, abweze ngongole zanu, kenako agawe monga munanenera. Ngongole zimayamba, abale. Chuma cha masiye ndi chomwe chatsala okongoza atalandira zawo. Executor si mwini chuma, ndi wantchito chabe, ndipo asanayambe kugawa amakatenga kukhoti chikalata chotsimikiza wiloyo, chomwe amati probate. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pamafunika kuganiza usiku wonse, kuposa pa funso loti firiji atenge ndani. Mwambo umatikokera kwa amalume kapena achimwene aakulu, poopa kuti angakhumudwe. Koma ulemu ndi kukhulupirika pa ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sankhani munthu amene munamubwerekapo ndalama akabweza, kapena amene anasungapo ndalama za banki m'khonde chaka chonse osasowa tambala.

Nanga munthu akamwalira wopanda wilo, kapena wilo yake ikakanidwa ngati yathuyi? Sikuti chuma chasanduka cha aliyense wolusa. Khoti limapereka chikalata china, letters of administration, kwa munthu woti ayendetse chumacho, ndipo nthawi zambiri nkhanizi zimadutsa kwa a DC kapena ku ofesi ya Administrator General, ya boma yoyang'anira chuma cha masiye. Lamulo la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, kenako ena amene ankadalira malemuyo pa moyo wawo. Katundu wa m'nyumba, mabedi, mapoto, mipando, amatsala ndi wofedwayo. Ana onse amawerengedwa, kuphatikizapo wobadwira kunja kwa banja uja amene amaonekera pamaliro atafanana ndi malemu mphuno ndi mayendedwe omwe. Achimwene ndi amalume amene ali ndi zawo sali pamzere woyamba. Ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angathe kukhala nawo kundende mpaka zaka 10. Nditamuuza zimenezi mphwawo wa malemu uja, mawu ake anatsika pang'ono.

Komabe njira imeneyi ndi yaitali. Maulendo a kuboma, mafomu, kudikira, fizi ya ana ikudikiranso. Wilo yabwino imadula zambiri mwa zimenezi. Koma isakupusitseni kuti mungaigwiritse ntchito pobwezera mkwiyo. Mukasiya dala mkazi kapena mwana wanu wopanda kanthu, angathe kukadandaula kukhoti, khoti n'kumupatsa gawo loyenera kuchokera pa chuma chomwecho.

Kwa inu apantchito, ndalama za penshoni zimatsata fomu ija munalembapo mayina a odzalandira, osati wilo. Ena munaidzaza muli mbeta, pali dzina la mayi anu amene anatisiya kale, ana anu atatu palibepo. Kafunseni kuofesi mawa.

Ineyo yanga ndalemba Loweruka lapitali, tsamba limodzi ndi theka, m'Chichewa. Anasainira aphunzitsi awiri oyandikana nafe, wina akuseka kuti ndayamba kutsanzika. Sindinaiike m'sutikesi, chifukwa sutikesi imatsegulidwa ndi woyamba kufika. Ndakaisungitsa kwa loya, ndipo mkazi wanga ndi mchemwali wanga akudziwa komwe ili. Mayi aang'ono aja Lachiwiri akupitanso kwa a DC, ulendo wachitatu, ndipo ndiwaperekeza.