Achinyamata olemba mapulogalamu, lekani kutengera cholowa mwachimbulimbuli

Cholowa chomwe ndikunena ndi inheritance: class imodzi (chikombole chopangira ma object mu pulogalamu), yomwe ndi mwana, imatengera zinthu ndi ntchito (ma method) za class ina, yomwe ndi kholo. Sabata yathayi ndaona zonditopetsa mtima. Mnyamata wina pulogalamu yake ya Python inkangotulutsa AttributeError, uthenga woti chinthu chomwe ikufuna mu object mulibe, ndiye nzeru imene anaipeza n'kukulunga zonse mu try ndi except, pansi pake n'kulembapo pass kuti vutolo lingobisika. Vuto lenileni linali mzere umodzi: class ya mwana inali ndi __init__ (method yokonza object yatsopano) yakeyake koma sinaitane super().__init__(), yomwe imayendetsa __init__ ya kholo. Nditamufunsa ngati anaiwerengako class ya khololo, anangoti kukamwa yasa.

Kodi ana inu mwatani? Mumalowa bwanji m'cholowa cha kholo lomwe simunalitsegule n'komwe?

A Java nanunso musaseke. @Override, chizindikiro chouza compiler kuti itsimikize kuti method yanu ikulowadi m'malo mwa ya kholo, yakhalapo kuyambira Java 5, mu 2004, koma mpaka lero ena mukulemba equals yolandira class yanu m'malo mwa Object, hashCode osaikhudza, kenako n'kumadabwa kuti HashSet, yomwe siyenera kusunga chinthu kawiri, yasunga zinthu ziwiri zofanana. Ena mumaitana, m'kati mwa constructor (gawo lokonza object yatsopano) ya kholo, method yomwe mwana anailembanso. Pa nthawi imeneyo zinthu za mwanayo zikadali null, kutanthauza kuti mulibe kanthu, ndiye NullPointerException ikakugwerani mukuti yalakwa ndi compiler? A C++ mukusiya destructor (gawo loyenda object ikamafufutidwa) ya kholo yopanda virtual, n'kumachita delete kudzera pa pointer ya kholo. Lero ikuoneka ngati ikuyenda, tsiku lina idzakugwetserani pamaso pa makasitomala.

Mukatengera makolo awiri mu Python n'kusokonezeka kuti method iti yaitanidwa, mumayamba kulosera. Kulosera chiyani, pomwe __mro__ ikukuonetsani ndondomeko yonse yomwe Python imatsata pofufuza method m'makolowo?

Koma chondinyansa kwambiri ndi ichi: mwana mmodzi akavuta, mumathamangira kukasintha kholo. Mumalowetsamo isinstance, kholo lizifunsa kuti "kodi ndiwe mwana uti?" Mwana uja wachira, ena onse odalira kholo lomwelo mwawaswa, ndipo simunayese ngakhale mmodzi musanatumize ntchitoyo. Barbara Liskov, katswiri wa sayansi ya makompyuta, ananena mu 1987 kuti mwana azitha kuima pamalo pa kholo popanda chosokonekera. Wanu ngati sakukwanapo, ndiye kuti si mwana wa pamenepo. Mumangofuna ma method awiri basi, bwanji osangosunga object inayo m'kati mwa class yanu n'kumaituma? Mibadwo isanu ya ma class chifukwa cha ulesi wolemba mizere itatu!

Tsegulani kholo, muliwerenge lonse, muone amene akulidalira, kenako mugwire keyboard. Apo ayi, ntchitoyi isiyireni ena.