Galu wa msana wautali si chidole cha ana

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo ndinapita kukacheza kwa alamu anga, ndinapeza kagalu kawo kakukwawa pansi, miyendo yakumbuyo ikungokokeka ngati chiguduli. Ndi kaja kobadwa kwa agalu a mitundu iwiri, dachshund ndi beagle, kamene ena amati doxle. Miyezi itatu yapitayo ndinaona ndi maso angawa ana akukanyamula pogwira miyendo yakutsogolo, thupi lonse lili lendelende, kenako n'kumakakankha kuti kadumphe kuchokera pa sofa. Ndinadzudzula. Anandiseka. Dzulo nditafunsa ngati apita nako kwa dokotala wa ziweto, yankho linali lakuti, "Alamu, tione kaye mawa. Kakapanda kuchira tigula kena."

Tigula kena! Ngati akunena nsapato yong'ambika.

Abale anga, galu ameneyu si chidole. Tayang'anani mmene anabadwira. Dachshund ndi galu wa ku Germany, anamuweta kuti azilowa m'mauna kusaka nyama yofanana ndi chiuli imene Ajeremani amati Dachs, n'chifukwa chake miyendo ndi yaifupi, msana wautali. Msana umenewo ndiye tsoka lake. Timinofu tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana timauma msanga, timaphulika, n'kupana mtsempha waukulu wodutsa mumsanamo. Madokotala amati IVDD, ndipo imagwira pafupifupi dachshund mmodzi mwa 4 kapena 5 aliwonse. Beagle nayenso ali m'gulu la agalu amene matendawa amawakonda. Ndiye mwaphatikiza awiriwo, mukuganiza kuti msana wa mwana wawo ukhala wachitsulo?

Sakhala wachitsulo ayi. Ukamunyamula, dzanja limodzi liike pachifuwa, lina kumatako, msana ukhale wowongoka. Asadumphe pa bedi, asadumphe pa sofa, asamangokwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse. Mwana amene sanafike pomvetsa zimenezi asamunyamule n'komwe, akhale pansi azimusisita. Kodi pamenepa pali chovuta? Inde, ana sadziwa, ndipo makolo amatanganidwa. Koma amene anabweretsa galuyo m'nyumba ndi munthu wamkulu, si mwana.

Chinandiwawa china, kagaluko kanenepa ngati pilo. Aliyense akamadya amakaponyera, ati kakupempha momvetsa chisoni. Magazi a beagle amenewo, sakhuta! Galu wamphuno yakuthwa uja Angelezi ankasakira akalulu, yemwe lero amanunkhiza zikwama m'mabwalo a ndege ku America kufufuza zakudya zoletsedwa, mukuganiza angakane chakudya? Ntchito yokana ndi yanu. Kilogalamu iliyonse yowonjezera ikulendewera pamsana womwe uja, wautali, wopanda mzati pakati. Mukuti mukumukonda, chonsecho mukumuthyola pang'onopang'ono.

Ndipo galu akayamba kupinda msana, kunjenjemera, kulira ukamugwira, kapena kudzandira miyendo yakumbuyo, palibe za mawa. Akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. Akamuona msanga dokotala, ena amachira ndi mankhwala ndi kugonekedwa malo amodzi kwa masabata 4 mpaka 6. Miyendo ikafa ndithu, opaleshoni imafunika mwachangu, tsiku limodzi kapena awiri akhoza kusintha zonse. Inu muli phee, mukudikira kuti kadzuke kokha. Kadzuka bwanji?

Galuyu amakhala zaka 12 mpaka 15. Ndi wokonda anthu, amasewera ndi ana bwinobwino, amatsata mwini wake paliponse ngati chithunzithunzi. Sindikuti ndi woipa pabanja, ayi, ndi wabwino zedi. Ndikuti banja limene silingasamale msana wake lisamutenge. Mukufuna chinthu choti ana azikoka, kuponya ndi kukhalira, gulani chidole cha nsalu. Chamoyo chimamva kuwawa. Chimamva kuwawa ngati inu nomwe, kungoti sichinena.

Nanunso ogulitsa tiagalu totere pa Facebook, mumandinyansa. Chithunzi chokongola, makutu aatali, maso achisoni, basi. Simuuza munthu kuti galuyu amakuwa usiku akamusiya yekha, amakumba pansi pa mpanda, akamva fungo amapita osatembenuka ngakhale umuitane mpaka mawu kusasa. Simunena kuti makutu ogwa aja amafuna kupukutidwa kuti asatukusire. Za msana ndiye simutchula n'komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndikakufunsani kuti mayi ndi bambo wa kagaluko ali kuti, ndiwaone mmene akuyendera, foni mumadula.